Mbiri ya Pulasitiki ndi Tizilombo Tomwe Tikuphunzira Kuidya

M'mapiri a m'boma la Chadiza muli phanga lotchedwa Kalemba. Mu 1971 katswiri wofukula zinthu zakale, David Phillipson, anakumba pansi pa phangalo, ndipo dothi lake linasonyeza kuti anthu anayamba kukhalapo zaka zoposa 30,000 zapitazo. Pansi penipeni panali zida zamiyala. Chapakati panali mafupa a nyama zimene ankasaka, mikanda ya zigoba ndi miyala yoperera, ndipo chapamwamba panali mapale a miphika ya anthu amene anafika pambuyo pake. Anthu a mibadwo yonseyi ayenera kuti analinso ndi zingwe, zikopa, mauta ndi zotengera zoluka, koma zambiri mwa izi nthaka sinasunge. Chiswe, nkhungu, bowa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso zinadya zonsezo n'kuzibwezera ku dothi. Kwa zaka zikwi zambirimbiri, pafupifupi chilichonse chimene munthu ankataya m'dera lino chinali ndi wochidya.

Achewa a ufumu wa Undi atafalikira m'dziko limene lero muli mafumu Mlolo, Zingalume ndi Mwangala, zinthu zinali chimodzimodzi. Mayi ankatunga madzi mu mtsuko, kumwera m'chikho cha mphonda, kupeta ndi lichero la nsungwi, kututa chimanga m'dengu. Bambo ankamanga nkhokwe ndi luzi, kuluka mphasa ndi bango. Mfutso wa nkhwani kapena wa khwanya ankausunga m'chikwatu cha masamba a msuku, n'kuchipachika kudenga la khitchini kumene utsi unkachiteteza ku tizilombo. Dengu likatha ankaliponya kudzala, ndipo pakapita mvula ziwiri kapena zitatu silinkaonekanso. Padzala pomwepo mpamene pankamera maungu onenepa kuposa a kumunda. Chokhacho chimene chinkakana kuola chinali phale la mphika wosweka, koma nalonso ankalipezera ntchito, kukazingira chimanga kapena kumwetsera nkhuku, ndipo likaphwanyikiratu linkangokhala dothi lootcha lomwe silivulaza mbuzi kapena mbewu.

Makolowo ankadziwanso kugwiritsa ntchito mphamvu zosaoneka za m'chilengedwe. Wofuna kuphika thobwa ankaviika mawere kapena chimanga, kuvundikira mpaka zitamera, kuyanika, n'kusinja chimera. Phala lolimba likathiridwa chimera limasungunuka n'kuyamba kutsekemera. Chimene chimachitika mumphikamo n'chakuti mbewu ikamamera imapanga timphamvu totchedwa maenzaimu, ndipo timeneti timadula chakudya cha mu ufa kukhala shuga. Mphikawo ukagona masiku angapo, yisiti ndi mabakiteriya zimadya shugayo, thobwa n'kusasa mpaka kukhala mowa wamasese. Kumadera ena a Zambia mizu ya munkoyo imagwira ntchito yomweyo ya chimera. Enzaimu iliyonse ili ndi chimene imadula, ndipo ya m'chimera singadule nkhuni ngati ya m'mimba mwa chiswe. Mfundo imeneyi ndi imene akatswiri a sayansi a masiku ano akuimirapo akamafuna njira yoonongera pulasitiki.

Katundu wachilendo anayamba kufika pang'onopang'ono. Achikunda ndi Apwitikizi ochokera ku Tete ankabweretsa nsalu, mikanda ndi mfuti posinthanitsa ndi minyanga. Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa mu 1898, azungu anakhazikitsa boma la Fort Jameson, lomwe lero ndi Chipata, ndipo posakhalitsa amwenye anatsegula masitolo. Amuna amene msonkho unawathamangitsira ku migodi ndi ku mapulazi a ku Southern Rhodesia ankabwerera ndi mabekete, mbale zachitsulo, zitini ndi mabotolo agalasi. Zinthu izi zinali zochepa komanso zodula, choncho palibe ankazitaya wamba. Chitini chinkasanduka koloboyi kapena muyeso wa mchere. Botolo la chakumwa linkabwezedwa kusitolo, munthu n'kulandira kandalama kake. Ngakhale Zambia italandira ufulu pa 24 October 1964, wopita kukagula shuga, kapenta kapena mchere ankanyamula mbale kapena kansalu, apo ayi wogulitsa ankamukulungira m'pepala la nyuzi.

Nthawi yonseyi, kutsidya kwa nyanja kunali kukubadwa chinthu china. Mu 1862 Alexander Parkes anaonetsa ku London chinthu choumbika chopangidwa kuchokera ku ulusi wa zomera. Mu 1907 Leo Baekeland, ku New York, anapanga Bakelite, pulasitiki yoyamba yochokera ku mankhwala okhaokha. Mu 1933 Eric Fawcett ndi Reginald Gibson a kampani ya ICI ku England anapeza mwangozi phula loyera m'chipangizo chawo choyesera, ndipo imeneyi inali polyethylene, yomwe pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inakutira mawaya a makina oonera ndege za adani. Mu 1941 John Whinfield ndi James Dickson ku Manchester anapanga PET, imene poyamba inali ya nsalu. Thumba lopepuka la zogwirira ziwiri linalembetsedwa mu 1965 ndi kampani ya Celloplast ya ku Sweden potsatira luso la Sten Gustaf Thulin, ndipo botolo la PET losunga chakumwa cha mpweya analilembetsa ndi Nathaniel Wyeth wa kampani ya DuPont mu 1973. Pafupifupi mapulasitiki onsewa amachokera ku mafuta ndi gasi za pansi pa nthaka. Kapangidwe kake kali ngati mikanda yotungidwa pa ulusi wautali kwambiri: timagawo tofanana tolumikizana zikwizikwi. Nkhuni ndi thonje nazo n'zolumikizana motero, koma mfundo zake tizilombo tinazizolowera kuyambira kalekale, pamene mfundo za pulasitiki zinali zatsopano padziko.

Ku Chadiza pulasitiki inafika ngati mlendo wabwino, ndipo inalidi yothandiza. Chigubu chinali chopepuka kuposa mtsuko, ndipo mwana akagwa nacho pochokera kumjigo sichinkasweka. Pepala lakuda loyalidwa pansi pa udzu linathetsa kudontha kwa denga. Kuchipatala, majekeseni otaya akagwira ntchito kamodzi anateteza anthu ambiri ku matenda opatsirana. Boma la Frederick Chiluba litamasula malonda kuyambira mu 1991, katundu wochokera ku South Africa, ku Asia ndi ku maiko oyandikana nawo anadzaza m'misika, wina n'kumalowera pa chipata cha Chanida kuchokera ku Mozambique. Umphawi nawo unathandiza kufalitsa timatumba. Wosakwanitsa thumba lonse la ufa ankagula pamela, wosakwanitsa botolo la saladi ankagula wa m'kapepala komanga mfundo. Kuyambira mu 2002, ndondomeko ya boma ya feteleza wotsika mtengo inabweretsa matumba oluka a pulasitiki m'midzi chaka ndi chaka. Pofika lero, pamsika wa paboma mayi wogula tomato, kapenta, mchere ndi sopo amachoka ndi timatumba tinayi, ndipo tonse timakhala titatha ntchito dzuwa lisanalowe.

Anthu a kumudzi sataya chinthu chisanatheretu. Botolo la maheu limagulitsira thobwa, mkaka, mafuta ophikira kapena petulo wa njinga zamoto. Thumba la feteleza limasunga chimanga ndi soya, likang'ambika n'kukhala choyanikira ufa. Anyamata amakulunga mpira ndi timapepala totoleza. Komabe chilichonse chimafika potha, ndipo dzala limene linkameza zonse tsopano limangosunga. Mlimi akamapanga mizere khasu limatukula timapepala ta zaka zapitazo, toyera ndi dzuwa koma tosaola. Mbuzi imanyambita kapepala ka mchere kapena ka saladi n'kukameza. Imayamba kuonda mimba ili yotupa, ndipo tsiku loipha amapeza m'chifu mwake chimpukutu cholimba cha mapulasitiki opotana. Zitini ndi mabotolo odulidwa amasunga madzi a mvula moswerana udzudzu. M'mawa amayi ambiri amakolezera mbaula ndi kapepala ka pulasitiki, utsi wake wakuda n'kumalowa m'chifuwa cha mwana ali kumbuyo. Padziko lonse, mu 1950 ankapanga matani pafupifupi 2 miliyoni a pulasitiki pachaka, koma masiku ano amaposa matani 400 miliyoni. Mu 2017 Roland Geyer, Jenna Jambeck ndi Kara Lavender Law anawerengera kuti mwa zinyalala zonse za pulasitiki zimene zinalipo pofika 2015, 9 peresenti yokha ndi imene inakonzedwanso, 12 peresenti inatenthedwa, ndipo 79 peresenti inali m'maenje a zinyalala kapena mbwee m'chilengedwe.

Kenaka inafika nyengo ya malamulo. Bangladesh inaletsa timatumba topyapyala mu 2002, Rwanda inaletsa matumba a pulasitiki mu 2008, ndipo Kenya inachita chimodzimodzi mu 2017. Ku Zambia, mu 2012 boma linaletsa tujilijili chifukwa cha uchidakwa wa achinyamata, ndipo timapepala take timene tinkadzaza m'ngalande tinachepa. Ku Malawi lamulo loletsa majumbo opyapyala osafika mamaikuloni 60 linabwera mu 2015, makampani n'kulitengera kukhoti, mpaka khoti lalikulu la apilo linagamula mu 2019 kuti lamulolo ligwire ntchito. Mmodzi mwa amene analimenyera nkhondo ndi Gloria Majiga-Kamoto, yemwe anadzidzimuka ataona mbuzi za alimi zikufa ndi mapulasitiki, ndipo mu 2021 analandira mphoto ya Goldman. Zambia inatulutsa lamulo la Statutory Instrument No. 65 mu 2018, loletsa matumba osafika mamaikuloni 30 komanso lopatsa opanga katundu udindo pa zinyalala za katundu wawo, ndipo bungwe la ZEMA ndi limene limaliyang'anira. Malamulo otere amachepetsa pulasitiki yatsopano ngati akutsatidwa, koma imene ili kale m'nthaka ndi m'mitsinje saikhudza.

Apa tiyenera kubwerera m'mbuyo kuti titsate mzere wina wa mbiriyi, wa anthu ofufuza zamoyo zing'onozing'ono. Mu 1926 Maurice Lemoigne wa ku France anapeza kuti mabakiteriya ena amasunga chakudya chawo m'timibulu ta chinthu chofanana ndi pulasitiki chotchedwa PHB, chomwe chimaola m'nthaka. Mu 1953 kapangidwe ka DNA, momwe mumalembedwa malangizo a chibadwa cha chamoyo chilichonse, kanadziwika kudzera m'ntchito ya James Watson, Francis Crick, Rosalind Franklin ndi Maurice Wilkins. Mu 1973 Stanley Cohen ndi Herbert Boyer anasamutsa chidutswa cha DNA n'kuchiika m'bakiteriya, iye n'kutsatira malangizo achilendowo. Pofika 1982 odwala matenda a shuga anayamba kubayidwa insulin yopangidwa ndi mabakiteriya osinthidwa motero. Cha m'ma 2000 akatswiri anayamba kulemba ndi kulumikiza malangizo a DNA mwadala kuti selo ligwire ntchito imene iwo akufuna, ndipo luso limeneli ndi limene limatchedwa synthetic biology. Gulu la Jay Keasling ku California linaphunzitsa yisiti kupanga chiyambi cha artemisinin, mankhwala a malungo a mtundu umene uli mu Coartem, ndipo kampani ya Sanofi inayamba kuwapanga mwa njirayi mu 2013. Malonda ake sanayende monga ankayembekezera chifukwa artemisinin wa ku zomera anatsika mtengo. PHB nayo inakumana ndi zomwezo: kampani ya ICI inaigulitsa pa dzina la Biopol, koma inali yodula poyerekeza ndi pulasitiki ya mafuta.

Zambia ili ndi mbiri yakeyake pa nkhani ya zamoyo zosinthidwa chibadwa. Pa chilala cha 2002, pamene nkhokwe zambiri za kuno kum'mawa zinali zopanda kanthu, Pulezidenti Levy Mwanawasa anakana chimanga cha thandizo chosinthidwa chibadwa, ponena kuti chitetezo chake pa anthu ndi pa mbewu za makolo sichinatsimikizike. Ena anamuyamikira, ena anamudzudzula kwambiri. Zotsatira zake zinali lamulo la Biosafety Act la 2007 ndi bungwe la National Biosafety Authority, limene liyenera kuvomereza chamoyo chilichonse chosinthidwa chisanalowe m'dziko kapena kuyesedwa. Choncho aliyense wofuna kubweretsa bakiteriya wosinthidwa kuti adye zinyalala adzayenera kudutsa pakhomo limeneli, ndipo mlimi wa ku Chadiza ali ndi ufulu wofunsa chimene kachilomboko kadzachite kakafika m'dimba mwake.

Chimodzi mwa zizindikiro zoyamba zakuti tizilombo tingaphunzire kudya zopangidwa ndi munthu chinaoneka ku Japan mu 1975, pamene m'madzi otayidwa ndi fakitale ya nayiloni munapezeka bakiteriya wodya zotsalira za nayiloniyo. Mu 2012 ofufuza a pa yunivesite ya Osaka anapeza mu mulu wa manyowa a masamba enzaimu imene ntchito yake ndi kudula phula la pakhungu la tsamba, koma inkathanso kudula PET. Ina inapezeka mumzinda wa Sakai. Gulu la Kohei Oda ndi Shosuke Yoshida linatapa dothi, matope ndi madzi okwana zitsanzo 250 pafupi ndi malo okonzeranso mabotolo, ndipo mu 2016 linalengeza za bakiteriya amene linamutcha Ideonella sakaiensis. Iyeyu amamatirira pa PET n'kutulutsa maenzaimu awiri. Yoyamba, PETase, imadula unyolo wautali uja kukhala zidutswa, ndipo yachiwiri, MHETase, imagawa zidutswazo kukhala mankhwala awiri amene PET inapangidwa nawo, terephthalic acid ndi ethylene glycol. Kapepala kopyapyala ka PET kanatha pafupifupi konse m'masabata 6 pa kutentha kwa madigiri 30. Panali patangopita zaka 75 chipangidwire PET.

Liwiro limenelo linali lochepa kwambiri poyerekeza ndi mulu wa mabotolo a padziko, ndiye akatswiri anayamba kusula maenzaimuwo. Mu 2018 John McGeehan wa ku Portsmouth ndi Gregg Beckham wa ku America anasintha timagawo tiwiri ta PETase pofuna kumvetsa chiyambi chake, n'kupeza kuti yayamba kudula bwino kuposa kale. Mu 2020 kampani ya Carbios ya ku France, pamodzi ndi ofufuza a ku Toulouse, inakonza enzaimu ya m'manyowa ija kuti ipirire kutentha kwa madigiri pafupifupi 70, ndipo inasungunula 90 peresenti ya PET yogayidwa m'maola 10. Mankhwala otulukawo anapangira mabotolo atsopano abwino ngati oyamba. Mu 2021 kampaniyo inatsegula fakitale yoyesera ku Clermont-Ferrand. Chaka chomwecho Joanna Sadler ndi Stephen Wallace ku Edinburgh anasintha bakiteriya wa E. coli kuti asandutse terephthalic acid kukhala vanillin, yonunkhiritsa makeke. Mu 2022 gulu la Hal Alper ku Texas linagwiritsa ntchito kompyuta posankha malo oyenera kusintha, n'kupanga FAST-PETase yogwira ntchito pa madigiri 50. Mu 2025 gulu la Wallace linasonyeza kuti mabakiteriya angathe kupanga paracetamol kuchokera ku mankhwala otengedwa m'botolo lotayidwa.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nkhaniyi imafuna kudekha komweko. Zopambana zonsezi n'za PET, pulasitiki ya mabotolo ndi nsalu za poliyesitala, imene mfundo zake zimafananako ndi za phula la masamba. Kathumba ka pamsika ndi polyethylene, thumba la feteleza ndi polypropylene, ndipo maunyolo a ziwirizi alibe mfundo zofewa zoti enzaimu igwirepo mosavuta. Mu 2017 Federica Bertocchini, wofufuza wogwira ntchito ku Spain yemwenso amaweta njuchi, analengeza kuti anaona mphutsi zodya phula la m'ming'oma zitaboola thumba limene anaziikamo, ndipo mu 2022 gulu lake linanena kuti lapeza maenzaimu m'malovu a mphutsizo, koma akatswiri ena akutsutsabe za mphamvu yake. Mu 2024 Fathiya Khamis ndi anzake a bungwe la icipe ku Nairobi analengeza kuti mphutsi za kachikumbu kopezeka m'makola a nkhuku zimadya polystyrene, pulasitiki yoyera yopepuka yotengeramo chakudya, mothandizidwa ndi mabakiteriya a m'matumbo mwake. Zinkadya bwino zikasakanizidwira gaga, ndipo gawo limene zinadya linali laling'ono. Ngakhale PET yeniyeniyo, kuti enzaimu iidye msanga iyenera kutoleredwa, kusankhidwa, kugayidwa ndi kutenthedwa m'thanki. Palibe mankhwala owaza padzala kuti mapulasitiki asungunuke. Mtengo nawo ndi phiri: kumapeto kwa 2024 Carbios inaimitsa kaye ntchito yomanga fakitale yake yaikulu ku Longlaville chifukwa cha kuchedwa kwa ndalama.

Maiko nawo akukokanakokana. Mu March 2022, pa msonkhano wa United Nations ku Nairobi, maiko 175 anagwirizana zokonza pangano lothetsa kuonongeka kwa chilengedwe ndi pulasitiki. Zokambirana za ku Busan kumapeto kwa 2024 ndi za ku Geneva mu August 2025 zinatha popanda mgwirizano, makamaka chifukwa maiko opopa mafuta sakufuna malire pa kuchuluka kwa pulasitiki yopangidwa.

Mbiriyi yafika pamenepa. Wodya botolo wapezeka ndipo akusulidwa, wodya kathumba akufunidwabe, ndipo onse awiri sadzayenda okha kudzatola zinyalala kwa Mlolo kapena kwa Zingalume. Botolo lidzafika m'thanki ngati munthu walitola, walipatula, ndipo wapeza wogula pa mtengo wolipira ulendo wa ku Chipata ndi ku Lusaka. Imeneyi ndi ntchito ya khonsolo, ya mafumu, ya makampani amene lamulo la 2018 linawasenzetsa udindo, ndi ya banja lililonse limene lingabwerere kumsika ndi dengu kapena thumba lansalu. Palinso gawo la ana a sukulu. Maenzaimu amene dziko likuwadalira lero anatoledwa m'manyowa a masamba, m'matope a pafupi ndi zinyalala ndi m'malovu a mphutsi, ndipo zonsezi ku Chadiza ziliko, pamodzi ndi chiswe, bowa ndi madzala amene akhala akusakanikirana ndi pulasitiki kwa zaka zoposa 30 m'dothi lotentha. Mtsikana kapena mnyamata wa kuno amene adzaphunzire za tizilombo pa University of Zambia kapena pa Copperbelt University adzakhala ndi poyambira kufufuza kwawo komwe, ndipo boma liyenera kumupatsa labotale ndi ndalama zoti agwirire ntchitoyo.